Izamal, katawuni kachikasu komwe tchalitchi chinakhala pamwamba pa piramidi

Anthu ambiri akafika ku Yucatán, chigawo cha kum'mwera chakum'mawa kwa Mexico, amathamangira ku Chichén Itzá, kukajambulitsa pa piramidi yotchuka ija, kugula chipewa, nkubwerera ku Cancún kukasamba m'nyanja, basi ulendo watha. Sindikunyoza ayi, malo aja ndi okongola ndithu. Koma ine komwe kunandigwira mtima ndi katawuni kena kotchedwa Izamal, kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kum'mawa kwa Mérida, likulu la chigawochi, chifukwa kumeneku mabwinja a Amaya, eni nthaka omwe anamanga mizinda kuno azungu asanafike, sali kutchire kutali uko kotchinga ndi mpanda ndi geti yolipira ayi, ali mkati mwenimweni mwa tawuni, kuseri kwa nyumba za anthu, pomwe wina wayanika zovala, wina akukonza njinga yamoto, galu ali gone pamthunzi.

Ndinakwera timaminibasi tawo tija amati colectivo kuchokera ku Mérida. Kuyenda kwake nkoti galimoto sinyamuka isanadzaze, nde umangokhala phee kudikira uku thukuta lili kamukamu. Msewu wake ndi wowongoka zedi ndipo dziko lonse ndi lathyathyathya, kulibe phiri, kulibe mtsinje, ndi tchire lalifupi lokhalokha lomera pamiyala ya laimu. Mfundo imeneyi muisunge, kuti ku Yucatán ya kumpoto kulibe mapiri, nde ukaona kaphiri mkati mwa tawuni dziwa kuti pali manja a anthu pamenepo.

Chinthu choyamba chomwe chimakulandira ndi mtundu wachikasu. Abale inu, chilichonse pakati pa tawuniyi ndi chachikasu, nyumba, mashopu, makoma a msika, maofesi a boma, tchalitchi, zonse penti imodzi yonga yolk ya dzira yakhwima, m'mphepete mwa zitseko ndi mawindo mokha ndi momwe anapaka zoyera. Dzuwa likafika paliwombo maso amachita kuwawa. Ukafunsa chifukwa chake aliyense ali ndi nkhani yake, ena amati anapenta pokonzekera kubwera kwa Papa John Paul II mu 1993 poti mbendera ya Vatican ndi yachikasu ndi yoyera, ena amati ayi zinayamba kale Papa asanabwere, ena amakokera ku dzuwa ndi chimanga. Ine sindinalimbane nazo. Chomwe ndinaona nchakuti pakona ina panali abambo ali pamakwerero ndi chidebe cha penti akukwirira pomwe khoma lasuwa, kutanthauza kuti chikasu chimenechi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, sichimangodzisunga chokha. Boma la Mexico linaika Izamal pa mndandanda wa matawuni okopa alendo omwe amawatcha Pueblos Mágicos mu 2002, nde penti ija ndi ndalamanso.

Pabwalo lalikulu pamakhala ngolo zokokedwa ndi mahatchi zodikira alendo, ndipo mahatchi ena amawaveka zipewa zamaluwa, zoona, hatchi ili ndi chipewa makutu atatulukira pa mabowo. Ndinaseka koma sindinakwere, katawuniko nkoyendeka ndi miyendo ndipo nyama zija zimaoneka kuti dzuwa lazikwana.

Tsopano nkhani yeniyeni ili pa nyumba ya ansembe ya San Antonio de Padua. Ukaima pabwalo la tawuni umaiona ili pamwamba, nde kuti ukafike umakwera chitunda chowaka ndi miyala, chotsetsereka pang'onopang'ono. Ukukwera muja umayamba kudzifunsa kuti kodi m'dziko lopanda mapiri chitunda chachikulu chonchi chachokera kuti. Yankho lake ndi loti ukuponda piramidi. Pamalo amenewa panali kachisi wamkulu wa Amaya wotchedwa Pap-Hol-Chac, ansembe a chipani cha Franciscan ochokera ku Spain atafika anagumula kumtunda kwake, nkusalaza, nkumanga tchalitchi ndi nyumba yawo pamwamba pa maziko omwewo, ndi miyala yomweyo, ndipo onyamula miyalayo anali Amaya eni ake. Ntchitoyi inatha mu 1561. Mukayang'anitsitsa pansi m'makonde ndi m'makoma pomwe pulasitala wagwa, miyala ina ndi yosemedwa bwinobwino m'njira yosonyeza kuti inasemedwera nyumba ina isanabwere apa.

Ukafika pamwamba pamatseguka bwalo lalikulu la kapinga lozunguliridwa ndi makonde a zipilala, ma arch ake alipo 75, ndipo bwalolo ndi lokula pafupifupi ma square metre 7,800. Anthu akumeneko amanyadira kuti mwa mabwalo a matchalitchi otchingidwa chonchi, loposa lawoli ndi la St Peter's ku Vatican lokha. Kukula kwakeko sikunali kwa chionetsero chabe. Amaya anazolowera kupembedza panja, pabwalo, khamu la anthu lili pansi ansembe ali pamwamba, nde a Franciscan anaona kuti kuwapanikiza mkati mwa nyumba sikutheka, anthu ake ndi ochuluka komanso si chikhalidwe chawo, basi anapanga bwalo loti masauzande aziimamo nkumamva Misa ndi katekisimu. Ndipo Izamal sanaisankhe mwangozi. Kuyambira kale anthu ankayenda maulendo ataliatali kubwera kuno kudzapembedza, malowa ankagwirizana ndi mulungu wawo Itzamná, ndipo panali misewu yoyera yokwezeka yotchedwa sacbé yochokera mbali zosiyanasiyana, wina unkafika mpaka ku Aké, makilomita pafupifupi 30. Nde ansembe aja anawerengera bwino, anthu njira akuidziwa kale, miyendo inazolowera kale, chongosintha ndi yemwe akamupeze akafika. Anabweretsa chifaniziro cha Amayi Maria kuchokera ku Guatemala, ndipo mpaka lero anthu amabwerabe, makamaka pa 8 December. Chifaniziro choyambacho chinapsa ndi moto mu 1829, chomwe chilipo pano ndi chinzake chomwe chinali ku Mérida. Papa John Paul II atabwera mu August 1993 anakumana ndi anthu a mitundu ya eni nthaka a ku America pabwalo lomweli, ndipo chiboliboli chake chilipo pomwepo.

Ine ndi munthu wopemphera, nde musaganize kuti ndinalowa mmenemo ndi mtima wa ndewu. Mkati muli bata, guwa lake ndi lokutidwa ndi golide, amayi achikulire ovala ma hipil, madiresi oyera aja osokedwa maluwa amitundumitundu pakhosi ndi m'munsi, anali atagwada akupemphera ndi mtima wonse ndipo palibe angawauze kuti chikhulupiriro chawo ndi chobwereka. Koma sungathe kukhala pa benchi paja osakumbukira chomwe chili pansi pa mapazi ako. Zinthu ziwirizi zimakhala limodzi basi, ndipo palibe chomwe chimafufuta chinzake.

Munthu yemwe dzina lake silingasowe pa nkhani imeneyi ndi Diego de Landa. Anafika ku Yucatán mu 1549, anakhala mkulu wa nyumba ya ku Izamal, anaphunzira chinenero cha Amaya mpaka kumachiyankhula bwino, ankayenda wapansi m'midzi, ndipo ankakangana ndi atsamunda anzake pa nkhani ya kuzunza anthu. Ukamva mbali imeneyi umati eee munthu wabwino. Koma munthu yemweyu pa 12 July 1562 ku Maní, tawuni ina kum'mwera kwa Mérida, anasonkhanitsa mabuku a Amaya ndi zifaniziro masauzande nkuziyatsa moto ponena kuti ndi za satana. Mabuku omwe amatchulidwa kawirikawiri ndi 27. Ndipo si mabuku okha, m'miyezi imeneyo anthu oposa 4,000 anazunzidwa pofunsidwa mafunso, kumangidwa manja nkupachikidwa m'mwamba, ena anafera pomwepo, ena anadzipha. Zinafika poti episkopi woyamba kufika ku Yucatán, Francisco de Toral, anaona kuti zanyanya, Landa anapita ku Spain kukayankha mlandu. Kumeneko anamupeza wosalakwa, ndipo anabwerera ali episkopi wa Yucatán yemweyo mpaka anamwalira ku Mérida mu 1579. Ku Izamal kuli chiboliboli chake pa mphambano ina pafupi ndi nyumba ya ansembe ija, waima bwinobwino magalimoto akumuzungulira. Ndinaima nkumuyang'ana kwa kanthawi, mmm, dziko ili.

Lero padziko lonse mabuku a Amaya akale aja otsala ndi 4 okha. Atatu ali ku Ulaya ndipo amadziwika ndi mayina a mizinda yomwe akusungidwa, Dresden, Madrid ndi Paris, limodzi lokha ndi lomwe lili ku Mexico. Tangoganizani, anthu omwe ankalemba mbiri ya mafumu awo, ankawerengera kayendedwe ka nthanda ndi kadamsana, anali ndi ziro m'masamu awo, laibulale yawo yonse yatsala mabuku 4.

Njala itandipeza ndinatsikira kumsika womwe uli pafupi pomwepo. Apa ndisaname ndinadya ngati mawa kulibe. Pali cochinita pibil, nyama ya nkhumba yomwe amaipaka zokometsera zofiira zotchedwa achiote ndi madzi a malalanje owawasa, kuikulunga m'masamba a nthochi nkuiphika m'dzenje usiku wonse, imafewa moti sufuna mpeni. Pali ma panucho ndi ma salbute, timikate ta chimanga tokazinga toika nyama ya nkhukundembo, anyezi wofiira ndi peyala pamwamba, kusiyana kwake nkoti panucho mkati mwake amaikamo nyemba zakuda zopota. Amayi omwe ankagulitsa anandilozera kambale ka tsabola wa habanero nkugwedeza chala kuti pang'ono pokha, ndipo ankanena zoona, kadontho kamodzi mphuno yonse inatseguka. Chomwe chinandisangalatsa ndi kuonerera mmene amapangira tortilla. Chimanga sapita nacho kuchigayo chouma ngati mmene timachitira ndi ufa wa nsima, amayamba achiphika m'madzi a laimu, chigone, m'mawa achitsuka makoko achoke kenako nkuchipera chili chonyowa, phala lolimbalo ndi lomwe amawumba ndi manja nkuika pachiwaya. Njira imeneyi ndi yakalekale ndipo imathandiza kuti thupi lipeze vitamini wotchedwa niacin yemwe ali m'chimanga, nchifukwa chake anthu akuno ankadya chimanga tsiku lililonse osadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini ameneyu. Chimanga kwawo nkuno, chinayambira ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, nde eni ake amachidziwa.

Mmene ndimadya ndinatchera khutu, amayi aja ndi anzawo sankayankhula Chisipanishi ayi, ankacheza m'Chimaya, mawu ake odukaduka pakhosi, kenako kasitomala akabwera amatembenukira ku Chisipanishi, akachoka abwereranso. Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi nkhani yomwe timaimva m'mafilimu ndi pa intaneti yoti Amaya anasowa modabwitsa, kaya anatengedwa ndi ma alien kaya chani. Anasowa kuti? Ndi omwe anandigulitsa chakudya. Oyankhula Chimaya cha ku Yucatán alipo oposa 700,000, osawerengera mitundu ina ya Amaya ya ku Guatemala, Belize ndi chigawo cha Chiapas ku Mexico komweko. Zomwe zinagwa ndi mizinda ina ndi maufumu, anthu anapitiriza kulima, kubereka ndi kukwiya kumene, mu 1847 anaukira azungu ndi eni minda pa nkhondo yomwe imatchedwa Caste War, ndipo anatsala pang'ono kulanda chigawo chonse.

Dzuwa litapendeka ndinapita ku Kinich Kak Moo, piramidi yaikulu ya m'tawuniyi. Ili kumpoto kwa bwalo lalikulu, kuyenda mphindi zochepa, ndipo polowera pake mutha kupadutsa osazindikira chifukwa ndi kampata chabe pakati pa nyumba ziwiri. Sindinalipire kanthu. Ukangolowa ukuona masitepe a miyala ikuluikulu akukwera, ukakwera nkufika pamwamba poyamba umaganiza kuti wafika, koma ayi, wangofika pa bwalo lina lalikulu la udzu ndi mitengo loti ana amatha kuseweretsapo mpira, ndipo chapakati chakumbuyo kwake pali piramidi inanso yaing'ono yokhala pamwamba pa yaikuluyo. Maziko ake ndi pafupifupi mamita 200 mbali imodzi, kutalika konse ndi mamita opitirira 30, ndipo inamangidwa cha m'ma 400 mpaka 600 AD. Ikuwerengedwa m'gulu la zomanga zazikulu kwambiri za Amaya ku Yucatán tikanena za kuchuluka kwa miyala. Anthu opanda ngolo, opanda ng'ombe kapena bulu, opanda zitsulo, zonsezi pamutu ndi pamsana.

Masitepe a kumtundako ndi omwe amayesa munthu. Ndi ang'onoang'ono, osalingana, ena anaguluka, miyala yake inasalala ndi mapazi a anthu moti nsapato imaterereka, nde umakwera chokwawa manja ali pansi ulemu wonse utausiya m'munsi. M'ming'alu muli abuluzi akuluakulu aja amati iguana, otuwa ngati mwala womwewo, suwaona mpaka atasuntha. Kutsogolo kwanga kunali agogo ena ovala hipil ndi patapata, ankakwera chammbali osagwira pena paliponse, mdzukulu wawo ali pambuyo ndi botolo la Coca-Cola, ine ndili wefuwefu. Ku Chichén Itzá analetsa kalekale kukwera piramidi, kuno ukukwera limodzi ndi eni mudzi omwe angobwera kudzapitidwa mphepo, anyamata ndi atsikana ali pa chibwenzi, wina akuimba nyimbo pa foni.

Malinga ndi zomwe analemba ansembe akale, piramidiyi inali ya mulungu wa dzuwa yemwe ankatsika masana dzuwa lili paliwombo ngati mbalame ya macaw, chinkhwe chachikulu chofiira chija, kudzatentha nsembe zomwe anthu aika. Anthu ankabwera kudzapempha pakagwa mliri kapena matenda. Ukaima pamwamba paja masana sufunika kukufotokozera kawiri chifukwa chomwe anaganizira za moto wotsika kumwamba.

Pamwamba ndi pomwe mapu a tawuni amamveka. Kumwera ukuona nyumba ya ansembe yachikasu ija ili pa chitunda chake, ndipo ukaponya maso uku ndi uku ukuona timapiri tina tobiriwira pakati pa madenga. Tonseto ndi mapiramidi. Pali Itzamatul yomwe anaikonza ndipo umatha kukwera, pali Kabul, pali Habuk, pali ina amaitcha El Conejo, ndi zina zambiri zomwe zangokhala milu ya miyala kuseri kwa mipanda ya anthu. Apa ndi pomwe zimaonekera bwino kuti bwalo la tawuni ya atsamunda lili pomwe panali bwalo la mzinda wa Amaya, Asipanishi sanayambe mzinda watsopano, anangolowa m'nyumba ya eni ake nkusuntha mipando. Ku Mérida anachitanso chimodzimodzi mu 1542, Francisco de Montejo anamanga pamwamba pa mzinda wa T'hó, kungoti kumeneko mapiramidi anawamaliza onse kugumula, ku Izamal anali aakulu kwambiri moti anawalephera.

Ndipo kugumulako sikunathere nthawi ya ansembe. M'zaka za m'ma 1840 John Lloyd Stephens wa ku America ndi mnzake wojambula Frederick Catherwood anafika kuno ndipo Catherwood anajambula chinkhope chachikulu cha pulasitala chomwe chinali pakhoma la piramidi ina, chachitali kuposa munthu. Lero chinkhopecho kulibe, chinatsala pa chithunzi basi. Anthu ankatenga miyala kukamangira nyumba ndi mipanda, ndipo kunena zoona munthu wosauka yemwe mulu wa miyala yosemasema uli kuseri kwa nyumba yake sindingamuweruze kwambiri, poti anayamba ndi akuluakulu.

Tibwerere kwa Landa pang'ono chifukwa nkhani yake ili ndi mchira wodabwitsa. Ali ku Spain kudikira mlandu uja, cha m'ma 1566, analemba buku lofotokoza za moyo wa Amaya, Relación de las cosas de Yucatán, kalendala yawo, miyambo, zakudya, maukwati, zonse. Mmenemo anaikamonso zomwe iye ankaganiza kuti ndi alifabeti yawo. Ankatchula lemba la Chisipanishi nkuuza mlembi wa Chimaya kuti alembe, koma kalembedwe ka Amaya sikayendera lemba limodzilimodzi, kamayendera maphatikizo a mawu ndi zizindikiro za mawu athunthu, nde awiriwa sankamvana, mpaka pena atamuuza mlembiyo kuti alembe chiganizo chilichonse chomwe akufuna, analemba kuti sindikufuna. Munthu anatopa. Zolembazi zinaiwalika mpaka mu 1862 pomwe wansembe wa ku France, Brasseur de Bourbourg, anazipeza ku Madrid. Kenako mu 1952 katswiri wa ku Soviet Union, Yuri Knorozov, yemwe pa nthawiyo anali asanapondeko ku Mexico, anazindikira kuti alifabeti yolakwika ija ndi mndandanda wa maphatikizo, ndipo apa ndi pomwe khomo linatsegukira. Lero akatswiri amawerenga zambiri mwa zolembedwa pamiyala ya Amaya, mayina a mafumu, masiku a nkhondo, ndani anakwatira ndani. Nde munthu yemwe anawotcha mabuku ndi yemwenso anasiya kiyi wowerengera zotsalazo, mosadziwa. Ena amanena izi ngati zikumuchotsera mlandu, ine ayi, ukawotcha nkhokwe ya munthu nkumusiyira chitsononkho chimodzi sunamuthandize. Knorozov uja ku Mérida anamumangira chiboliboli atanyamula mphaka wake, ndipo pa ziboliboli ziwirizi ine ndimakonda cha mphaka.

Potuluka m'tawuni mumaona minda ya khonje ndi machumuni akale a mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 khonje, amati henequén, linalemeretsa mabanja ochepa a ku Mérida moopsa chifukwa zingwe zake zinkafunika ku America pomangira tirigu, ndipo ogwira ntchito m'minda ikuluikulu imeneyo, amati ma hacienda, anali Amaya omangidwa ndi ngongole zosatha. Zingwe za pulasitiki zitabwera bizinesi inagwa. Pano khonje latsala la zikwama, zipewa ndi tinthu togulitsa alendo, ndipo amisiri a ku Izamal amalukanso ma hammock, maukonde ogonamo olenjekeka m'mwamba, abwino kwambiri, anthu akuno ambiri amagona mmenemo osati pabedi chifukwa cha kutentha.

Madzulo pabwalo pamabwera ngolo za marquesita, kachikondamoyo kopyapyala kokhukhuta komwe amakapinda ngati chitoliro nkuikamo tchizi cha Edam, ena amawonjezera Nutella. Tchizi ndi chokoleti pamodzi zimamveka zachilendo koma yesani kaye musanatsutse.

Amene mukuganiza zopitako, Kinich Kak Moo mukwere m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapepa, masana miyala ija imawotcha manja ndipo pamwamba palibe mthunzi. April ndi May ndi miyezi yotentha koopsa. Valani nsapato zogwira pansi, madzi akumwa nyamulani ambiri, ndipo ma peso, ndalama za ku Mexico, akhale a m'manja chifukwa kumsika ndi pa colectivo khadi sigwira ntchito. Misewu yake ilibe mayina, ndi manambala, nde kusochera nkovuta. Sitima ya Tren Maya yomwe inayamba kuyenda kumapeto kwa 2023 imaima ku Izamal, koma siteshoni yake ili kunja kwa tawuni, mufunikabe takisi kuti mukafike pabwalo. Ambiri amangobwera kwa maola awiri ndi basi ya alendo nkumapita, ine ndingati mugoneko, mabasi aja akachoka tawuni imabwerera kwa eni ake ndipo panucho amatsika mtengo.